Njinga ya pa Sinoo pa Dampu la ku Kadoma

Anzanga, khalani pansi kaye. Iwe waima pakhomowe, tenga chidebe icho ukhalire. Mafoni agonekeni chafufumimba (tamvani amene akunena zimenezi, ine!). Vidiyo ija ndikudziwa munaionera kale, ija munthu akutuluka m'matope ali mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa, azimayi n'kumathawa. Inde, ndine. Koma vidiyo ija ndi ya mphindi imodzi yokha, ndipo amene anajambula anali atandikwiyira koopsa. Ndiye lero muimve yonse kwa mwini wake, kuyambira pamene zinthu zinali bwinobwino.

Ine sukulu ndinalekeza Fomu 4, koma musandiyese mbuli. Chilichonse chimene ndimadziwa ndinaphunzira pa foni. Kusintha galasi la foni, pa foni. Kukonza ketulo, ayironi, wailesi, pa foni. Ku Rimuka kuno, m'Kadoma muno, hotipuleti ikafa amangoti kaitaneni uja wa foni uja. Koma mtima wanga sunali pa maketulo ayi. Ine ndimafuna benchi.

Malume anga a Kamwendo, alongo awo a mayi, anagwira ntchito ya ufita, yokonza makina, m'migodi kuyambira ine ndisanabadwe. Atapuma anatsegula shedi ku Chegutu, kuseri kwa msika, komwe amakonza mapampu a madzi, majenereta ndi zigayo za alimi. Mu shedimo muli mabenchi awiri ogwirirapo ntchito. Lina ndi lawo. Linalo latha zaka lilibe munthu, pamangokhala zitini za girisi ndi mphaka. Benchi limenelo ndinalipempha kanayi konse, ndipo kanayi konse yankho linali limodzi.

"Mphwanga, tandionetsa manja." Ine n'kutambasula. "Waona? Osalala ngati a wansembe. Chala chogwira ntchito ndi chimodzi chokha, chopalasira foni."

Ndiye tsiku limene anandikana kachinayi, ndili mu kombi kubwerera ku Kadoma, foni inandibweretsera vidiyo ya chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Amachitcha sinomobailo. Ndi njinga yamoto yoyenda pa sinoo, chipale chofewa chija chimagwa kumaiko ozizira. Matayala ilibe. Kutsogolo kuli timatabwa tiwiri toterera, kumbuyo kuli lamba wamano wozungulira ngati wa kasinja wa asilikali. Amwene, chinthu chimenecho chimakwera phiri ngati buluzi pa khoma! Ndinapitirira siteji yanga. Kondakitala anachita kundigwedeza phewa.

Pomatha sabata ziwiri ndinali katswiri. Mavidiyo amene anandigwira mtima anali oyerekeza zakale ndi zatsopano. Mzungu wina wandevu amaimika ziwiri m'munsi mwa phiri. Yakale ndi yonenepa, yotambalala ngati sofa. Lamba wake ndi wamfupi, mano ang'onoang'ono, ndipo lambayo amayenda pa timatayala. Injini yake ili ndi fani. Woyendetsa amakhala pansi phee ngati ali pa msonkhano wa mpingo. Yatsopano ndi yowonda ngati galu wosaka. Lamba wamtali, mano ngati mafosholo. M'malo mwa timatayala muli timizere ta pulasitiki pomwe lamba amangoterera. Fani mulibe. Woyendetsa amaimirira, n'kuipendeketsa mbali imodzi, n'kumadula phiri chopingasa. Ndipo vidiyo iliyonse imatha chimodzimodzi: yakale imafika pakati n'kudzikumbira manda, yatsopano n'kuidutsa ikuimwazira sinoo kumaso.

(Pano ndiulule kanthu kamodzi, mukasunge. Deta ndi mari, ndalama zenizeni. Ndiye wandevu uja akagwada n'kuyamba kulankhula akuloza kunsi kwa mpando, ine ndimadumpha. Ndimaonera pokwera pokha. Kulankhula kwakeko kumadya theka la vidiyo, ndiye ndimati mkuluyu amangokonda kucheza.)

Loweruka ndinabwerera ku Chegutu ndi umboni m'manja. Malume anavala magalasi awo omanga ndi waya, n'kugwira foni patali ngati ikununkha.

"Tabweza." Ndinabweza. "Tabwezanso." Ndinabwezanso. "Yakaleyo ndiye makina," anatero. "Inayo ndi chidole cha ana a mabwana."

"Malume, simukuona kuti yakaleyo yatitimira?"

"Ndikuona. Fani ya yowondayo ili kuti?"

"Anachotsa kuti ipepuke."

"Nanga imazizira bwanji?"

"Tekinoloje, malume."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tekinolojeyo ndi dzina la munthu? Amathamanga pambali n'kumaikupiza ndi chipewa?"

Basi pamenepo pakamwa panga panathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ndinati malume, vuto lanu ndi lakuti chilichonse chakale kwa inu ndi chabwino, n'chifukwa chake galimoto yanu imalira pokhapokha anthu atatu aikankhe. Ndinati dziko linapita patsogolo. Ndinati ine, ndi manja osalala omwewa, ndikhoza kupanga yatsopanoyo n'kukwera nayo phiri.

"Sinoo ukamutenga kuti? M'firiji?"

"Dampu lija, malume."

Nonse mukulidziwa, limaoneka ukakhala mu kombi pafupi ndi Kadoma. Chimulu chachikulu cha mchenga woyera umene mgodi wakale unasiya atachotsa golide. Sipamera udzu. Dzuwa likawala chimathobwa m'maso. Ine kuyambira tsiku la vidiyo lija ndimati ndikachiona ndimaona phiri la kwa azungu. Kuyera komweko, kutsetsereka komweko. Ndimati kusiyana kwake n'kotani?

Malume sanaseke. Zikanakhala bwino akanaseka. Anawerama, n'kukoka injini ya petulo kunsi kwa benchi, ya mtundu uja wa pampu, yoliza ndi chingwe.

"Iyi inachoka pa pampu yosweka, koma payokha ili moyo. Panga chidole chakocho. Ukafika pamwamba pa dampu injini ikulira, benchi ilo ndi lako. Ukaipha, usadzandipemphenso mpaka ndidzalowe m'manda."

"Ndavomera."

"Sunaganize."

"Ndaganiza mwachangu."

Anzanga, ntchito imene ndinagwira sabata zisanu ndi imodzi zotsatirazo, mukhoza kundiseka pa zina zonse koma pamenepa ndipatseni ulemu. Kwa mkulu wogulitsa zitsulo zakutha ndinapeza chidutswa cha lamba wakale wa ku mgodi, uja anthu amadula n'kupangira nsapato. Ndinachiboola ndi msomali wamoto, bowo limodzilimodzi, n'kumangirira tizitsulo topingasa kuti tikhale mano. Thupi ndinapanga ndi bedi lachitsulo limene linali kuseri kwa nyumba. Tcheni, kalachi ndi chiwongolero zinachoka pa njinga yamoto imene inagundidwa. Timatabwa ta kutsogolo ndinadula ku mgolo wabuluu wa pulasitiki, n'kutiwamba pa moto kuti tipindike kumphuno. Kuwotcherera ndimapempha kwa neba, ndiye magetsi akangobwera ndimasiya ngakhale sadza, nsima yathu ija, ili pakamwa, kuthamanga. Manja anatupa, anang'ambika, anachita zikang'a. Ndimawajambula n'kutumizira malume. Samayankha (foni yawo ndi ya mabatani, zithunzi sizifika, ndinazindikira mochedwa).

Chimene chinandivuta ndi timizere toterera tija. Pulasitiki yolimba, yoyera, yosalala, ndikaipeza kuti? Ndinazungulira tauni yonse. Kenako Lamulungu lina, anthu ali ku tchalitchi, ndinalowa m'khitchini kukamwa madzi, maso anga n'kugwera pa mabolodi odulirapo nyama a asisi anga a Memory. Asisi amagulitsa sadza ndi nyama pa siteji ya makombi. Mabolodi anali atatu. Ndinadzifunsa kuti munthu wa manja awiri, mpeni umodzi, mabolodi atatu achitira chiyani? Ndinabwereka awiri. (Kubwereka kwake kunali kwa sowo.) Atawasowa ndinawathandiza kufunafuna mpaka kunsi kwa kabati.

Sabata yachinayi malume anabwera kudzaona mayi. Anazungulira chinthu changa kawiri manja ali kumbuyo. Kenako anapita ku galimoto, n'kubwera ndi kathumba, n'kukaika pansi. Munali timatayala tinayi ta trole, taberingi tabwinobwino.

"Lamba ayende pa iti."

"Malume, amenewo ndi a nthawi ya atsamunda. Zatsopano zimaterera."

"Chabwino. Nanga kutsogoloku wafinyiranji chonchi? Igwa."

"Ndi dala. Imafunika izipendekeka."

Ndiye anaona injini. Ndinali nditachotsa fani pamodzi ndi chigoba chake chonse, injini ili maliseche, zipsepse zili pamtunda. Chingwe ndimangokulunga pamanja n'kukoka. Chigobacho mayi anali atayamba kale kuthiramo gaga wa nkhuku.

"Ayikona!" Malume akadzidzimuka amabwerera ku chilankhulo cha mu mgodi. "Mphwanga, injini imeneyi imapuma ndi fani. Waitseka mphuno."

"Tamvani kupepuka kwake, malume. Tanyamulani."

Sananyamule. Anangoti, "Pangano ndi pangano," n'kukalowa m'nyumba kukamwa tiyi. Kathumba ka timatayala anakasiya pomwepo. Ine ndinakakankhira ndi phazi kunsi kwa khola la nkhuku.

Kuyesa ndinayesa, musati sindinayese. Ndinaikweza pa njerwa, n'kuliza, lamba n'kuzungulira mwaa ngati m'vidiyo. Mphindi imodzi, ndazimitsa. Mawa lake mphindi imodzi, ndazimitsa. Petulo nayenso ndi mari. Ndiye pa mphindi imodzi chilichonse chimaoneka chanzeru.

Tsiku linafika. Loweruka la mu Okutobala. Tinapangana m'mawa kusanatenthe, koma galimoto ya malume inakana kulira, ndiye pofika ku dampu linali dzuwa la paliwombo, lija ngakhale mbuzi zimabisala. Asisi a Memory ndinawanyengerera kuti atseke malonda maola awiri adzandijambule, popeza foni yawo imajambula bwino kuposa yanga. Ine ndinavala monga amavalira m'vidiyo: jekete lalikulu la mu Juni, magambutsi, magolovesi owotcherera, chipewa cha mu mgodi cha malume, mpango kukamwa. Asisi Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chishona, makamaka akafuna kukunyoza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, unopenga here?"

"Misala ayi, asisi. Ndi yunifolomu. Inu muzingojambula."

M'munsi mwa dampu munali makorokoza, anyamata aja amasefa mchenga wakale kufunafuna golide wotsalira, ndi azimayi awiri owagulitsa maheu. Atationa tikutsitsa chinthu chija onse anasiya mafosholo. Wina anafunsa ngati ndi makina atsopano ofufuzira golide. Ndinati dikirani muone mbiri ikulembedwa.

Malume anakhala pa boneti, n'kuloza pamwamba ndi chibwano. "Apo pali mtengo wachitsulo apo. Ukaugwire injini ikulira."

Ndinakulunga chingwe. Kukoka koyamba, zii. Kachiwiri, inatsokomola. Kachitatu inalira, amwene, inalira ngati ikudziwa kuti lero ndi lero. Ndinakwera, n'kupotokola mafuta.

Inayenda.

Ndikubwereza chifukwa m'vidiyo ya asisi mbali imeneyi anaidula: INAYENDA. Mano aja anagwira mchenga, mphuno inadzuka, fumbi loyera linathovoka kumbuyo ndendende ngati sinoo. Makorokoza anayamba kuimba malikhweru. Ndinacheuka kamodzi n'kuona malume atsika pa boneti, aimirira, chipewa chawo cha dzuwa chili m'manja. Mumtima ndinati mphaka uja ayambe kufuna pogona pena. Ndinadutsa chitsamba chomaliza. Ndinadutsa ngalande ya mvula. Mtengo wachitsulo uja unayamba kukula. Ndinali pafupi kufika pakati, pomwe zakale zija zimadzikumbira manda, ndipo ndinakuwa ndekha kuti, "Tsalani bwino, atsamunda!"

Ndiye ndinamva fungo.

Poyamba linali fungo labwino. Anyezi. Nyama yokazinga, ndi tomato pang'ono. Ndinati kodi pamwamba pa dampu pali wina akuphika? Mimba mpaka inalira. Kenako fungolo linasintha, linakhala la chidebe chogwera pa moto. Ndi pamene ndinazindikira kuti wophikayo ndine. Lamba amakhula mabolodi aja, mchenga uli pakati ngati sandipepala, ndipo nyama yonse imene asisi anadulirapo zaka zitatu imatuluka ngati utsi.

Mphepo inatsitsira fungolo kumunsi. M'vidiyo mukumva bwino mawu a wojambula akusintha. "Mabhodhi angu! Sekuru, mabhodhi angu!" Amaitana malume, akulira mabolodi awo. Kuyambira pamenepo chithunzi chikugwedera chifukwa amajambula akudumpha.

Liwiro linayamba kutsika. Lamba amalemera ngati akukoka ngolo. Ine ndinati vuto laling'ono, ndionjezere mafuta. Injini inasintha mawu, inayamba kulira mokhala ngati muli timiyala, ndipo pakati pa miyendo yanga panatentha ngati ndakhalira mbaula. Thukuta m'jekete muja linali mtsinje. Munthu wanzeru akanazimitsa pomwepo, injini ikanapulumuka, tikanakambirana. Koma mtengo uja ndimauona. Benchi ndimaliona. Ndinati ayi, pano ndi pomwe katswiri amaimirira n'kudula phiri chopingasa.

Ndinaimirira. Ndinaponda mbali imodzi monga wandevu uja. Ndinapendeketsa.

Kupendekeka inapendekeka bwino zedi, pamenepo pokha ndinapanga molondola. Koma sinoo ukamupendekera amakulandira, amafewa. Dampu pamwamba pake ndi pouma gwa ngati simenti ya pabwalo. Kathabwa ka mgolo kanaterereka, lamba anamatirira ku pulasitiki yosungunuka, injini inati kho! Basi.

Zii. Dampu lonse zii. Ndimamva mpaka nkhunda kutali.

Kenako tinayamba kubwerera. Mabuleki ndinali ndisanaike (m'mavidiyo ndimaonera pokwera pokha, kumbukirani). Chinthu chija chinatembenuka, chinanditaya, icho n'kutsetsereka pang'ono n'kukakodwa m'ngalande ija. Ine ndinalibe pokodwa. Jekete la mu Juni limaterera kuposa mabolodi a asisi, ndikukuuzani, akanandifunsa ndikanapangira lamba jeketelo. Ndinagubuduka, ndinaterera chagada, ndinaterera chafufumimba, gambutsi imodzi inapita kwawo. Ndipo sindinatsikire kumene ndinakwerera. Ndinatsikira mbali ya makorokoza, komwe kuli dziwe la matope oyera otsukira mchenga wawo.

Phava!

Nditadzuka, matope ali kumaso, m'makutu, mpango ukulendewera, magolovesi aakulu ali m'mwamba, mayi mmodzi wa maheu anakuwa kuti, "Chigure!" Anaona ngati gule watuluka kudambwe masanasana. Anataya chigubu, mnzake pambuyo, liwiro la mtondo wadooka. Makorokoza ena anagona pansi ndi kuseka. Wina anafuula kuti, "Mudhara, bwerezani, sindinajambule!"

Malume sanaseke nawo. Anandigwira pakhosi pa jekete n'kundikokera ku galimoto. "Vula. Zonse. Matope a mgodi si a m'dimba, muli mankhwala." Ndinayesa kunena kuti pali anthu. Anati anthuwo aona kale zambiri. Ndiye ndinaima pamenepo ndi kabudula wamkati yekha, gambutsi imodzi, malume akundikhuthulira chigubu cha madzi a rediyeta pamutu, asisi akujambulabe uku akundiwerengera machimo anga onse kuyambira ndili mwana.

Kenako tinakwera kukatenga chinthu chija. Malume analavulira pa injini, malovu anati tsii n'kuuma pomwepo. Anadikira kuti izizire, anakulunga chingwe, anakoka. Chingwe sichinasunthe. Anakokanso ndi manja awiri. Ngati akukoka mtengo.

"Ifile," anatero chapansipansi. Mawu amenewo safuna womasulira: inali itafa.

Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi maliro. Pa geti malume anatsitsa bedi lija ndi lamba wake, injini n'kuisiya m'galimoto. Anangoti, "Wamva kale zimene tinapangana," n'kumapita.

Lamulungu ndinagula deta yambiri kuposa imene ndinagulapo chibadwire. Ndinatsegula vidiyo ija, ndipo wandevu atagwada sindinadumphe. Anzanga, munthu uja samacheza. Amaloza kunsi kwa mpando n'kumafotokoza kuti yatsopano fani ilibe chifukwa injini yake imazizira ndi madzi, ndipo madziwo amadutsa m'chitsulo chimene lamba amachimwazira sinoo akamazungulira. Sinoo ndiye fani yake. Timizere ta pulasitiki tija timaterera chifukwa sinoo amatinyowetsa. Sinoo ndiye girisi wake. Mpaka anayang'ana mu kamera, ngati akuyang'ana ine ndemwe wa ku Rimuka, n'kuchenjeza kuti ukaiyendetsa pouma usungunula zonse. Ndiye anasisita yakale ija n'kunena kuti iyi ndi yolemera, pa phiri la sinoo wakuya imagonja, koma ili ndi fani yake ndi timatayala take, siipempha kanthu kwa sinoo.

Ndinakopera chilichonse cha m'vidiyo kupatula chinthu chimodzi chimene chinadzaza sikirini yonse. Ine ndimaona ngati sinoo ndi msewu chabe. Ndinaona kuyera, ndinati basi ndi zomwezo.

Lolemba m'mawa ndinathamangitsa nkhuku, ndinatenga chigoba chija, ndinachitsuka, ndinafukula fani m'bokosi, ndinakwera kombi ya ku Chegutu. Malume atandiona pakhomo la shedi anapitiriza kupala chitsulo.

"Ndinati usadzandipemphenso."

"Sindinabwere kudzapempha, malume. Ndabwera kudzadzutsa chimene ndinapha. Ikalira ndizipita."

Anapala, anapala. Kenako analoza ndi fayilo, osati pa benchi, koma pansi, pakona pomwe panali thumba la feteleza lopanda kanthu. Sabata ziwiri ndinagwira ntchito nditagwada pa thumba limenelo, mphaka akundiyang'anira ali pa benchi langa. Pisitoni inali itakakamira, maringi atamatirira, silinda itakalikakalika. Ndinaithira mafuta masiku atatu, ndinaigogoda ndi thabwa pang'onopang'ono mpaka inasuntha. Kusalaza silinda anandionetsa malume, kamodzi kokha. Kagwiridwe ka maringi atsopano ndinaonera pa foni, vidiyo yonse, kuyambira moni mpaka tsalani bwino.

Tsiku lina tikudya mabanzi masana ndinawauza za kudumpha wandevu kuja. Anasiya kutafuna.

"Ukuti mzunguyo amafotokoza?"

"Amafotokoza, malume."

"Iwe n'kumamudumpha?"

"Deta, malume."

Anaseka mpaka anatsamwa, ndinachita kuwamenya pamsana. Akupukuta misozi anati, "Ndiye kuti foniyo ilibe mlandu. Imaphunzitsa bwino. Mwana wa sukulu ndiye amatuluka pawindo aphunzitsi akayamba kulankhula." Ine ndinati komatu pa sinoo yatsopano imapambanadi. Anati, "Pa sinoo. Ukadzagwa ku Chegutu udzandidzutse."

Lachiwiri lapitali ndinabwezera fani, ndinamanga chigoba, ndinakoka chingwe. Inalira koyamba komwe. Ndinaisiya ikulira theka la ola, petulo ndinagula ndekha, ndipo malume anaika dzanja pa chigoba n'kumamvetsera maso ali chotseka. Ndinayamba kulongedza masipanala kuti ndizipita monga ndinanenera. Iwo anapita pa benchi lija, ananyamula mphaka, anamuika pansi, anasuntha zitini za girisi.

"Pamwamba sunafike. Injini unaipha. Koma wabwera wekha kudzagwada, ndipo manja ayamba kuoneka ngati a munthu. Benchi ilo." Ndisanatsegule pakamwa anakweza chala. "Injini imeneyi Lolemba ikupita pa pampu ya mayi wina wa dimba la tomato. Ndipo mawu akuti dampu ndisadzawamvenso, kaya kwa iwe, kaya kwa anthu. Ndikadzangowamva, pokwerera kombi ya ku Kadoma ukupadziwa."

Ndinalumbira. Ndinalumbira ndi mtima wonse, ndipo panthawiyo ndimanena zoona.

Ndiye zinthu zili chonchi. Benchi ndili nalo, masiku atatu tsopano. Asisi anandilamula kutsuka mapoto awo Lamulungu lililonse mpaka mtima wawo utatsika, ndipo sukuoneka kuti utsika chaka chino. Pa siteji makondakitala amanditcha Chigure. Zonsezo ndazilandira.

Koma tamvani. Loweruka likubwerali malume akupita ku ukwati ku Turf, tsiku lonse, ndipo kiyi wa shedi andisiyira ine. Injini ili pa benchi langa, fani ili m'malo mwake, ikulira ngati yatsopano. Lamba uja ali kuseri kwa nyumba, sanawonongeke, ndinangopala pulasitiki. Kathumba ka timatayala tinayi ndinakapeza kunsi kwa khola, taberingi tikuzungulira bwinobwino. Kutsogolo ndikhoza kutambalalitsa ndi mapaipi awiri, ntchito ya ola limodzi. Mabuleki ndaonera kale vidiyo yake, yonse. Ndiye kuti ikhala ya mtundu wakale ndendende, ija malume anati ndiye makina. Ndikafika pamwamba, wopambana si ine, ndi iwo! Angakwiye bwanji munthu atawatsimikizira kuti amanena zoona? Mmodzi wa makorokoza aja wanditumizira kale uthenga kuti galimoto yonyamulira ilipo, bola akhale kutsogolo pojambula.

Komanso ndikatseka maso ndimaona chala chija chili m'mwamba, ndi mphaka akubwerera pamalo pake.

Mtengo wachitsulo uja ndinauona pafupi, anzanga. Pafupi zedi. Ndiye tandiuzani, kiyi ali m'thumba mwanumu, Loweruka kwacha bwino, mukanakhala inu mukanatani?